Achemwali ndi Zilembo za Nyemba za Amayi

Ndinadzuka kusanache, tambala wa aneba asanayambe phokoso lake. Kuti ndinadzuka n'kungonena chabe, chifukwa pa siwa munthu sagona. Umangotsamira khoma, mutu n'kumagwa, nyimbo n'kukudzutsanso. Amayi a kutchalitchi anali ataimba mpaka mawu kusasa, ndipo tsopano anali atagona mothithikana pabalaza, miyendo ya uyu pamsana pa uyo. Pakati pawo panali bokosi lotseka, kandulo ikuthera chakumutu. M'bokosimo munali achemwali anga a Dorofe, amene ine ndinapondana nawo.

Ndinalumpha miyendo ya anthu n'kutuluka panja. Inali miyezi ya mvula, zaka zija boma litangosintha, pamene ku Kawale kuno mlungu sunkatha osaona masamba atayalidwa pamsewu kusonyeza kuti pakhomo pena pagwa zovuta. Tsiku limenelo masambawo anali athu. Mvula inali itawaza, ndipo azibambo anali atakokera mabenchi pansi pa tenti, atazungulira chitsa chimene chinkangofuka utsi. Ena anali atafunda zitenje za akazi awo kumutu. Alamu anga, amuna a malemuwo, anakhala pampando wa ndalema chapakona, chibwano chili pachifuwa. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndikunena izi kuti mudziwe kuti m'mawa umenewo ndinalibe nawo chifukwa.

Ndinabwerera m'nyumba kuti ndilowe kuchipinda kwa achemwali, koma chitseko chinali chokhoma. Kiyi anali ndi azakhali a alamu, mayi wamtali amene anachokera ku Dedza n'kulanda ulamuliro wa nyumba yonse asanavule n'komwe nsapato. Anali atamumangirira kunsonga ya mpango. Anatsegula diso limodzi n'kundiuza kuti kuchipinda kwa malemu sikulowedwa mpaka mwambo utatha. Sindinalimbane nawo. Chimene ndinkafuna kumeneko chinali katoni ya pansi pa bedi, ndipo ndiyenera kuifotokoza katoniyo, chifukwa popanda iyo awa akanakhala maliro ngati ena onse.

Achemwali ankagwira ntchito yofufuza za mbewu. Anapita kunja kukaphunzira kwa zaka zingapo, n'kusiya mwana wawo wamkazi Tadala ndi alamu, ine ndikuthandiza kulera. Popita anatenga nyemba za amayi athu, zamawangamawanga, zimene malemu amayi ankabzala kwathu ku Ntcheu ndipo sankalola kuti zisakanikirane ndi za pamsika. Pobwera sanabwere ndi firiji kapena wailesi ya kanema monga ankachitira anzawo. Anabwera ndi katoni ya zithunzi zakuda za pulasitiki, zazitali pafupifupi mkono, zofanana ndendende ndi za ekisire zimene amakujambula pachifuwa kuchipatala. Koma pa zithunzi izi panalibe nthiti za munthu. Panali timizere takuda topingasa, tosanjikizana m'mipata inayi-inayi, ngati timakwerero.

Ine ndimagulitsa kaunjika, sukulu ndinalekeza folomu yachiwiri, koma achemwali ankandifotokozera ngati akufotokozera mnzawo wa kuntchito. Ankati m'tsamba lililonse muli timatumba tosaoneka ndi maso, timene timapatsa tsamba kubiriwira n'kumaphikira mbewu chakudya pogwiritsa ntchito dzuwa. Dzina lake ankati kolopulasiti. Timatumbati tili ndi malangizo akeake a chibadwa, amene ophunzira amawatcha majini, olembedwa ndi zilembo zinayi zokha. Ndipo malangizowo anandandalikidwa mofanana kwambiri ndi a mabakiteriya, moti akatswiri amati kalekale timatumbati tinali mabakiteriya odziyendera okha, n'kudzalowa m'mbewu osatulukamonso. Ine ndinaseka, n'kunena kuti ndiye kuti ngakhale nyemba zili ndi alendi okanika kusamuka. Chimene achemwali ankachikonda koposa n'chakuti malangizo a m'timatumbati nyemba imatengera kwa mayi wake, kwa bambo ayi. "Nyemba ndi anthu akwathu," ankatero, "zimatsata kuchikazi."

Timizere ta pa zithunzi tija ndito tinali zilembozo. Kunjako anangokwanitsa kujambula. Nthawi yawo inatha asanawerenge zambiri, ndipo zipangizo zojambulira zotero kuno kunalibe. Choncho ankawerengera kunyumba, atamata chithunzi pawindo la kuchipinda kuti kuwala kudutsemo, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, kamzere kamodzikamodzi. Ankati akuona kuti m'nyemba za amayi muli chigawo china cha malangizo chimene chinakhala chotembenuka, ngati mzere wa nyumba umene makomo ake apenya kumbuyo pamene ena onse apenya kumsewu, ndipo ankafuna kutsimikiza pamene chigawocho chayambira ndi pamene chathera. Atayamba kudwala sankathanso kuimirira pawindo, ndiye ine ndikaweruka kumsika ndinkagwira chithunzi chapafupi ndi bedi, kumene kukuchokera kuwala, iwo n'kumatchula zilembo ali chigonere. Mikono inkandiwawa, ndipo ndinkadandaula mosabisa. Kenako maso anayamba kuwavuta, zithunzi zambiri zisanawerengedwe. Tinayesa kukazikopera pa makina a fotokope a m'tauni, koma pankangotuluka mdima.

Mlungu wawo womaliza, kuchipatala, anagwira dzanja la alamu ndi langa. Anati mnzawo amene anaphunzira naye kunja, mayi wina wophunzitsa ku Zomba, adzabwera kudzatenga katoniyo n'kumaliza kuwerenga, kuti ntchitoyo idzatuluke m'dzina lawo ndipo Tadala adzakhale ndi chinthu choloza akadzakula. Tadala yemweyo achemwali anali atamuuza kale zimenezi. Alamu analira. Anati, "Mayi a Tadala, ngakhale nyumba itapsa, katoniyo ndi imene ndidzayambe kutulutsa." Ndinamva ndi makutu angawa.

Kunja kutayera, kuseri kwa nyumba kunadzaza. Azimayi anayala mafuwa m'mbali mwa mpanda n'kutereka migolo yodula pakati imene tinabwereka kutchalitchi. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkakwawa pansi, ndipo aliyense ankatuluka misozi, kaya ndi chisoni kaya ndi utsiwo. Ena ankaduladula kabichi, ena ankapita ndi ndowa kumpopi wa aneba chifukwa wathu unkangodontha. Kuseri komweko achemwali anali ndi kadimba ka nyemba za amayi zija, zoyanga pamitengo. Ndinapeza azimayi atathyola kale khwanya yense ndi zitheba zomwe kuti ndiwo zichuluke. Sindinawaletse, chifukwa pamaliro ndiwo sizikwanira.

Ndikuwerama kuti ndiuzire moto, ndinamva azimayi awiri kumbuyo kwanga akunong'onezana, osadziwa kuti wowerama uja ndi mng'ono wa malemu. Wina ankati dzulo, posaka zovala zoti awaveke, azakhali anapeza zithunzi za ekisire katoni yodzaza pansi pa bedi. Winayo anati ndiye kuti anayamba kale kudwala, ankangobisa, ndipo mwina anakatenga kunja komweko. Kenako onse anasuzumira kumene kunali alamu n'kupukusa mitu. Zaka zimenezo munthu akangomva za ekisire ndi chifuwa, maganizo ankathamangira kumodzi, ku matenda aja amene ankamaliza anthu, ndipo wotsala pabanja ankayamba kumuyeza ndi maso ngati waonda. Matenda amene anatenga achemwali sindiwatchula pano. Sanali amenewo, ndipo ngakhale akanakhala omwewo, akanakhalabe achemwali anga.

Dzulo lakelo, pamene ankasambitsa ndi kuveka thupi, ine panalibe. Ndinali ku depoti kukachingamira amalume athu ochokera ku Ntcheu. Ndiye za katoniyo ndinkazimva kumene. Ndinaweramuka n'kuwauza azimayiwo kuti zithunzizo n'za masamba a nyemba. Anandiyang'ana mmene anthu amayang'anira namfedwa amene chisoni chamulowa m'mutu. Mmodzi anandisisita pamsana n'kundiuza kuti ndilimbe mtima.

Ndinapita kutenti n'kugwada pambali pa mpando wa alamu.

"Alamu, katoni ija ili kuti?"

"Ili pabwino," anatero osandiyang'ana. "Ndasamala ndekha. Lero si tsiku lake."

Ndinawakhulupirira. Ndinaganiza kuti aibisa kwa aneba poopa maso a anthu, ndipo mumtima ndinawathokoza. Ndinabwerera kumoto ndili wopepukidwa, mpaka ndinakalipira mayi wina amene ankathira mchere ndi manja awiri.

Dzuwa linatuluka pang'ono n'kubisalanso. Anthu anayamba kufika, ochokera ku Biwi, ku Chinsapo, ku Mgona ndi ku Eriya 23. Minibasi zinkawatsitsa pamphambano chifukwa msewu wathu unali matope okhaokha. Oyenda panjinga ankatsika akafika pamasamba paja n'kuyamba kukankha, ndipo azibambo ankavula zipewa. Aneba athu achisilamu, amalonda ochokera kumwera, anabwera ndi thumba la ufa pawilibala, n'kuliika kuseri osanena zambiri. Anzawo a achemwali a kuntchito anabwera pa lole atavala masuti, nsapato zikumira m'thope, aliyense akukweza mathalauza ngati akuwoloka mtsinje. Ena amene sanapondeko kuchipatala ngakhale tsiku limodzi ndi amene anayamba kulira mokweza ali kumsewu. Maliro n'kulirana, ndiye sindikuwaweruza, koma ndinawaona.

Chakumasana adzukulu anabwera kuchokera kumanda, dothi lofiira mpaka m'mawondo, n'kunena kuti manda atha ngakhale madzi akuvuta. Anadya iwo koyamba monga mwa mwambo. Kenako bokosi linatulutsidwa n'kuikidwa pabwalo, ndipo zoyankhula zinayamba. Woimira kuntchito anati achemwali anali olimbikira, osajomba, aulemu kwa akuluakulu. Za nyemba sanatchule. Woimira akuchimuna anathokoza onse amene anathandiza, n'kuchenjeza achinyamata kuti kunja kuno kwaopsa, mawu amene azimayi a kumoto aja anawalandira ndi kukodolana. Abusa analalikira nthawi yaitali, mitambo ikusonkhana cha ku Tsabango, anthu akuiyang'ana mozemba. Tadala anakhala pamiyendo panga nthawi yonseyi ngakhale anali wamkulu kale, mwana wa sitandade folo, akukanda ulusi wa chitenje changa ndi chikhadabo.

Atatha abusa anatsegula bokosi kuti anthu aone nkhope. Mzere unali wautali, ndipo ife abale tinali omaliza. Nditafika ndinawerama. Nkhope inali itachepa, koma anali iwo omwe, atavekedwa duku loyera. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mutu unali utakwera kwambiri, chibwano chitatsala pang'ono kugunda pachifuwa, ngati munthu wotsamira mapilo awiri. Ndinayang'ana pansi pa phewa kuti ndione chimene awatsamiritsa. M'mphepete mwa nsalu yoyera munali mutatulukira ngodya yakuda yonyezimira, ndipo pangodyapo panali kapepala koyera kolembedwa nambala ndi dzanja la achemwali. Ngodya imeneyo ndinkaidziwa, chifukwa chala changa chinali chitaigwira madzulo ambirimbiri. Sichinali chithunzi chimodzi. Unali mulu wonse, ataziyala pansi pa mutu ndi mapewa.

Dzanja langa linanyamuka lokha, koma azakhali anali ataima chakumutu, ndipo anandigwira pamkono mwamphamvu, anthu n'kumaona ngati akundithandiza kuti ndisagwe. Anandinong'oneza kukhutu.

"Za matenda zimapita ndi mwini wake, mwanawe. Usayerekeze."

Amene sanakulire kuno angafunse kuti bwanji sindinangozisolola. Munthu wopisa dzanja m'bokosi la maliro n'kutulutsamo chinthu, pamaso pa khwimbi la anthu, ali ndi dzina limodzi lokha, ndipo dzinalo silichoka ngakhale usamuke. Akanati ndikutenga chizimba. Akanati ndine amene ndawadya achemwali. Pamsika palibe akanagulanso malaya anga, ndipo ana anga akanasowa wosewera naye. Zithunzizo zinali pafupi ndi zala zanga, koma sindikanatha kuzikhudza.

Panali munthu mmodzi yekha amene akanatha kunena kuti dikirani, palakwika, tulutsani izo, popanda wina womutcha mfiti. Ndinadzichotsa m'manja mwa azakhali n'kupita kwa alamu, amene anali ataima pakhonde chapafupi ndi azibambo awiri a kutchalitchi. Ulendo uno sindinagwade.

"Alamu, zili m'bokosi."

Anapitiriza kuyang'ana kumsewu.

"Alamu, inu mukudziwa kuti si za kuchipatala. Auzeni asanakhome, chonde."

Anandiyang'ana kumaso koyamba tsiku lonselo. Maso awo anali ouma. Anayankhula motsitsa kwambiri moti azibambo aja sanamve.

"Anandisiya ndi mwana chifukwa cha zimenezo. Atabwera, windo linali la zimenezo, pansi pa bedi panali zimenezo. Ankazikonda, apite nazo."

Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti sikunali kulakwitsa. Azakhali analakwitsadi, ndipo iwowo sindiwasungira chakukhosi kwenikweni. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuchotsa matenda pakhomo pa mwana wawo. Koma anandiuza okha pambuyo pake kuti anayamba afunsa kaye mwini nyumba, ndipo mwini nyumbayo, amene ankadziwa ngakhale dzina lachizungu la timatumba tija, anangogwedeza mutu. Mawu ochepa chabe akanakwanira, akuti azakhali, izo n'za kuntchito. Sanawanene dzulo, sanawanene lero. Malemu amayi ankati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo achemwali ankawatsutsa kuti wawo si wotero. Alamu anatigwiritsa fuwa la moto, ine ndi amene anagona m'bokosimo.

Ndinathamangira kwa amalume, amene ndiwo mwini mbumba wathu. Anandimvetsera nkhope itakwinyika, ndodo ili pakati pa miyendo.

"Mapepala?" anatero. "Ukufuna tikangane ndi akuchimuna pamtembo chifukwa cha mapepala? Usatichititse manyazi m'tauni mwa eni."

Ndinayamba kufotokoza za nyemba za amayi, mlongo wawo weniweni, ndikuganiza kuti mwina dzina limenelo liwakhudza. Ndili pakati pofotokoza ndinamva kugogoda kumbuyo kwanga. Bokosi tinaligula kwa kalipentala wa ku Mchesi, matabwa ake anali abwino, ndipo misomali inalowa mosavuta.

Ulendo wa kumanda unayamba mvula itayamba kuwaza. Bokosi analikweza pa lole ya kuntchito, amayi a kutchalitchi atalizungulira akuimba, enafe tikutsatira pansi. Lole inkayenda pang'onopang'ono, ikupendekera uku ndi uku m'maenje. Am'maokala ankatseka mawindo ogulitsira tikamadutsa, makondakitala anasiya kuitanira, ndipo mayi wina wootcha chimanga anaimirira n'kugwira manja kumbuyo mpaka tonse titadutsa. Anthu osatidziwa n'komwe anatipatsa ulemu wawo wonse. Ine sindinaimbe. Ndinkayang'ana kumbuyo kwa mutu wa alamu, amene anakhala kutsogolo kwa lole ndi dalaivala, ndipo njira yonse ndinkadikirabe, uchitsiru wanga, kuti mwina agogoda pagalasi n'kuimitsa galimoto.

Kumanda tinapeza madzi atalowanso m'dzenje, ndipo mdzukulu mmodzi anatsika kukakapa ndi ndowa ife titaima. Manda atsopano anali mbali zonse, nkhata zake zisanafote. Anatsitsa bokosi ndi zingwe, chakumutu chikulemera kuposa mmene ankayembekezera, moti wina anachenjeza mnzake kuti agwiritse. Ine ndekha ndinadziwa chifukwa chake, kapena ndinene kuti atatu tinkadziwa. Dothi litayamba kugwa ndinakumbukira kuti achemwali anandiuzapo kuti pulasitiki ya zithunzizo siola msanga. Ndiye kuti iwo adzatha, duku lidzatha, matabwa a ku Mchesi adzatha, koma timizere tija tidzakhalabe pomwepo, tathunthu, m'malo amene kuwala sikufika.

Poika nkhata, alamu ndi amene anayamba. Atawerama mawondo anawagwedera, azibambo awiri n'kuwagwira m'khwapa, ndipo azimayi analira mokweza poona chikondi chotere. Mwina analiradi zenizeni. Mtima wa munthu sindingaulowe. Ine ndinaika nkhata yanga pamodzi ndi Tadala, n'kubwerera pamalo panga maso ali gwa. Ndinali nditakwiya kwambiri moti misozi inasowa podutsira, ndipo ndikudziwa kuti azimayi ena anaziona n'kukazikamba.

Titabwerera tinasamba m'manja m'beseni la pachipata, anthu n'kukhala m'magulu kuti adye. Mbale imene anandipatsa inali ndi khwanya wa m'kadimba kaja. Ndinaiyang'ana kwa kanthawi. Achemwali ankati zilembo zija zili m'tsamba lililonse, mobwerezabwereza. Ndinadya, chifukwa kuyambira dzulo lake ndinali ndisanalawe kanthu, ndipo ndinatafuna zilembo zomwezo zimene tinali titangokwirira, osatha kuwerenga ngakhale chimodzi.

Anthu anayamba kubalalika mvula isanakule. Lole inapita ndi a masuti, azimayi anatsuka migolo n'kuivundikira pampanda, mabenchi anabwezedwa kutchalitchi. Wina anakachotsa masamba pamsewu, ndipo posakhalitsa njinga zinayambanso kudutsa pakhomo pathu eni ake osatsika.

Dzuwa litapendeka, pachipata panafika mayi wovala magalasi, atanyowa, atapachika paphewa chikwama chachikulu chophwatalala. Anali mnzawo wa achemwali uja wa ku Zomba. Anamva uthenga pa wailesi, ananyamuka m'mamawa, koma basi inawafera panjira. Anagwada pakhomo n'kulira kulira kwa munthu amene wachedwa. Tinamulowetsa pabalaza pamene panali alamu, azakhali, amalume ndi ine. Anapepesa aliyense payekhapayekha, anamwa tiyi, kenako anapempha kuti timukhululukire poyambitsa nkhani tsiku lolakwika. Anati malemu anamuitanitsa ali kuchipatala n'kumuuza za katoni ya zithunzi, ndipo poti mawa abwerera, anabwera ndi chikwama choti zisanyowe panjira.

Alamu anakhosomola pang'ono.

"Za kuchipinda ankayendetsa ndi azimayi," anatero. "Funsani mlamu wangayu. Ndi amene ankazigwiragwira."

Mayiyo anatembenukira kwa ine. Amalume anandiyang'ana ndi diso londiuza kuti ndimeze. Ndinali nditameza tsiku lonse, ndipo malo anali atatha.

"Zili kumanda, amayi," ndinatero. "Zili pansi pa mutu wawo. Azakhali ankaganiza kuti n'za kuchipatala. Alamu ankadziwa, ndipo ndi amene analoleza."

Azakhali anagwira pakamwa n'kuyang'ana mwana wawo. Alamu anaimirira, n'kunena kuti akukaona ngati tenti yapindidwa bwino, ngakhale tentiyo inali itapita kale. Mayi wa ku Zomba anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi yonyowa, ndipo anawapukuta nthawi yaitali. Ndinamufunsa ngati ntchitoyo ingachitikenso, poti nyemba za mtunduwo ku Ntcheu zingapezeke. Anati ingachitike, wina akadzapeza mwayi wopita kunja n'kukayambiranso pachiyambi, koma sidzakhalanso ya a Dorofe. Ngakhale zimene anawerenga kale, anati, palibe angazikhulupirire popanda zithunzizo. Ndinamuperekeza mpaka pamphambano pamene anakwera minibasi yopita kwa abale ake ku Eriya 25, chikwama chija atachipinda pakati.

Nditabwerera ndinapeza nyumba ili zii. Abale otsala anali atatopa, ena akuodzera pamphasa kusanade. Alamu anali atabwerera pabalaza, atakhala pamalo pamene panali bokosi, akuyang'ana pansi. Kuchipinda kunali kotsegula tsopano. Katoni ija inali pakhomo, azakhali ataikamo makapu obwereka oti abwezedwe mawa. Ndinalowa n'kukhala pabedi. Pagalasi la windo panali patatsala tizidutswa ta selotepi timene achemwali ankamatira zithunzi asanadwale, tachikasu, tosanjikizana m'ngodya zinayi, ndipo pakati pake pankaoneka mpanda wa aneba ndi mitengo ya nyemba yopanda masamba.

Tadala analowa mwakachetechete n'kukhala pambali panga. Anayang'ana windo, kenako anayang'ana pansi pa bedi.

"Amayi aang'ono," anatero, "amayi a magalasi aja atenga zithunzi za amayi? Ndiye dzina lawo lidzatuluka liti?"

Ndinamukonza kolala ya diresi. Funso limeneli linali litaponyedwanso kwa ine, ndipo si ine amene ndinalonjeza za nyumba kupsa.

"Kafunse abambo ako," ndinatero.

Anatsika pabedi. Ndinamva mapazi ake akupita pabalaza, ndipo ndinamumva akufunsa ndi mawu omwewo, momveka bwino. Ndinakhala pamenepo ndikudikira yankho. M'nyumba monse munkangomveka madzi odontha kuchokera padenga kugwera m'beseni la pakhonde, kenako mwana uja anafunsanso kachiwiri.